Mawu Amene aKaye Anajambula M'wadiropu

Achimwene anga tinkawatchula kuti aKaye. Dzinali anawapatsa ndi mayi tili ana. Ukawaitana kuti adzadye, "Ndimalize kaye." Ukawatuma ku golosale, "Dikirani kaye." Nthawi imeneyo n'kuti atamasula wailesi ya bambo, tizitsulo atatindandalika panyuzipepala, ndipo wailesiyo sinkabwereranso mwakale. Bambo anawakwapulapo kangapo koma sizinathandize. Dzinalo anakula nalo, anapita nalo pa intaneti, mpaka mkazi wawo analitola, kungoti iwo ankalitchula osaseka.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndimaluka tsitsi, ndili ndi kasaluni kanga, ndipo za makompyuta ndimadziwa poyatsa ndi pozimitsa basi. Ndiye wina asandifunse zakuya. Ndikusimba mmene ndinaonera.

Masana achimwene ankagwira ntchito pakampani ina yonyamula katundu. Anawapatsa kachipinda kopanda windo, kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi chimbudzi, momwe munali makina ongolira tsiku lonse ngati firiji. Pulinta ikakana, ankaitana iwo. Bwana akaiwala pasiwedi, ankaitana iwo. Pulogalamu yosonyeza kuti lole iti ili pati analemba ndi iwowo, koma pakampanipo ankangoti, "Taitanani a makompyuta aja." Iwo analibe nazo ntchito. Ntchito imeneyo inali yodyera chabe. Ya pamtima inkayamba akafika kunyumba n'kuvula nsapato.

Ankaphunzitsa kompyuta kulankhula chilankhulo chathu. Iwe ulembe mawu, iyo iwerenge mokweza. Ankati n'zothandiza akhungu, okalamba, ndi onse amene uthenga wa pafoni amachita kupempha wina kuti awawerengere. Tsiku lina ndinawafunsa kuti chinthucho adzagulitsa kwa ndani.

"Sichogulitsa," anatero, maso ali pa laputopu. "Ndi pulogalamu yotseguka. Aliyense akhoza kuitenga, kuona m'kati mwake, kuikonza pomwe yalakwika, n'kubweza kuti ena apindule."

"Ndiye mwamanga nyumba yopanda chitseko?"

"Eya. Koma wolowamo amasesa."

"Inu achimwene, mutu wanu uli bwinobwino?"

Anaseka, ndipo anandionetsa anzawo osesawo. Anali anthu a kutali, ena kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumanapo naye maso ndi maso. Ankadziwana ndi maina ongopeka ndi tizithunzi. Wina anaika chithunzi cha njinga, wina cha kapu ya tiyi. Wolimbikira kwambiri anali mtsikana wina woika chithunzi cha kamphaka, ndiye tonse tinkangomuti wa kamphaka.

Kuti makina alankhule, amafunika kumva munthu akulankhula kwa nthawi yaitali, ayambe kutengera. Achimwene anapereka mawu awoawo. Vuto linali phokoso. Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu, ma minibasi akuimba mahutala, woyandikana nawo akuwotcherera zitsulo. Anayesa m'bafa, mawu ankabwerera. Anayesa kufunda bulangete, anatsala pang'ono kukomoka. Kenako anapeza kuti malo abwino ndi m'wadiropu ya mkazi wawo, chifukwa madiresi amameza phokoso. Anakhomera bulangete kuchitseko, anaikamo kampando ndi maikolofoni, n'kumadzitsekera mmenemo. Zaka ndi zaka, munthu wamkulu ndi ndevu zake, atakhala pakati pa madiresi a mkazi wake, akuwerenga ziganizo za m'mabuku akale amene eni ake analola kuti aliyense agwiritse ntchito.

Alamu anga amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Ndi munthu waukhondo, wosachedwa, woti akati ndibwera folo amafikadi folo. Pamene ankakwatiwa anali woseka kwambiri, kuseka kochita kugwira m'mimba. Ukwati wawo sunali wa ndewu ayi. Achimwene sankamwa, sankasuta, sankayenda ndi akazi, dzanja lawo silinakhudzepo munthu. Azimayi ku saluni ankati alamu ali ndi mwayi, mwamuna wokhala pakhomo chonchi amapezeka kuti? Koma ine ndinkaona. Poyamba alamu ankawaitana kuti adzadye, n'kumva "kaye." Kenako ankangovundikira mbale n'kuisiya patebulo. Kenako anasiya n'kufunsa komwe ngati adya. Tsiku lina ndikuwaluka anandiuza, mawu ali phee, ngati akunena za nyengo:

"Alamu, ine ndinakwatiwa ndi msana. Nkhope ya achimwene anu ndimaionera pazithunzi za ukwati."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Matenda anayamba ndi kusasa mawu. Achimwene anati ndi kuwerenga kwambiri. Alamu, poti mankhwala amawadziwa, anati kusasa kwa miyezi si kwa chimfine, apite kuchipatala. "Ndimalize kaye gawo ili." Ine ndinalalata mpaka malovu kuuma. "Ndipita, dikira kaye." Pamene ankapita n'kuti ngakhale madzi akuwawa pomeza. Madokotala anati ndi khansa ya pakhosi, ndipo kuti akhale ndi moyo afunika kuchotsa kholingo lonse, pomwe pamachokera mawu. Anawauza mosabisa kuti akadzuka pa opaleshonipo sadzalankhulanso ndi pakamwa pawo.

Mukuganiza kuti masiku otsalawo anachita nawo chiyani? Analowa m'wadiropu. Anati pali zilembo zina zimene makina sakuzitchula bwino, azijambuliretu mawu asanapite. Ndinawapeza alamu atakhala pabedi, manja pamiyendo, akuyang'ana chitseko cha wadiropu. M'katimo munkamveka mawu osasa akuwerenga za mlatho umene unakokoloka ndi madzi, za amalonda amene ankayenda ndi abulu. Alamu sanagogode. Ine ndinkafuna kuthyola chitsekocho, koma anandigwira mkono n'kupukusa mutu.

Tsiku la opaleshoni, akuwakankha pakabedi ka matayala, anatembenuka n'kuyang'ana mkazi wawo. Ndinati eya, tsopano anena. Anatsegula pakamwa n'kuti, "Tchaja ya laputopu musaiiwale."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anatuluka pakamwa pa achimwene anga. Alamu anati, "Chabwino," ndipo tchajayo anabwera nayo.

Anatuluka m'chipatala ali ndi kabowo pakhosi kopumira, kophimbidwa ndi kansalu. Anzawo aja anawathandiza kuika pulogalamu yawo mu tabuleti. Tsiku loyamba analemba, n'kudina, ndipo pabalaza panamveka, "Mwaswera bwanji nonse?" Mayo ine! Anali mawu awo enieni, a nthawi imene anali bwino, onenepa, okoka pang'ono kumapeto monga ankachitira. Ndinalira ngati mwana. Alamu anamvetsera, anati, "Ikulankhula bwino," n'kupita kukachapa.

Musaganize kuti alamu anawataya. Ayi ndithu. Kabowo kaja ankatsuka ndi iwo m'mawa ndi madzulo. Tinsalu ankawiritsa, chakudya ankapota kuti chifewe, mankhwala sanaphonyepo nthawi. Anamwino ankachita kuwayamikira. Koma zonsezi ankachita ndi manja okha. Nkhope inali ngati sitolo yotseka. Sankakwiya, sankadandaula, sankaseka. Ukawafunsa kuti muli bwanji, ankati, "Tilipo," ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Achimwene ndiwo anasintha. Poti tsopano sakanathanso kujambula, m'wadiropu munalibenso chochita. Ankakhala pasofa, n'kumaona mkazi wawo akudutsa ndi beseni, akudutsa ndi thaulo. Ankawatsatira ndi maso. Ndikuganiza kuti m'pamene anazindikira kuti m'nyumbamo munali munthu zaka zonsezi.

Loweruka lina masana ndinapita kukawaluka alamu kunyumba kwawo, poti sankatha kuwasiya odwala okha. Anakhala pakampando pakati pa miyendo yanga, moyang'anana ndi sofa. Achimwene anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga tabuleti. Analemba, anafufuta, analembanso. Makutu awo anafiira ngati mnyamata wofunsira mbeta. Zaka zonsezi ankawaitana mkazi wawo kuti "inu," koma tsiku limenelo analemba ngati akulankhula ndi mtsikana amene anakumana naye kale pa siteji ya basi. Anadina.

"Ndimakukonda," inatero tabuleti.

Inu amene mumalankhula chilankhulo chathu mukudziwa kuti mawu amenewa ali pawiri, ngakhale papepala amalembedwa chimodzimodzi. Ukayambira pamwamba, kukweza pa "ndi," ndiye kuti chikondicho chilipo, lero lino. Ukayambira pansi n'kudzakweza pa "ku," ndiye kuti ukunena zakale, zimene zinaliko n'kutha. Ngakhale mwana amasiyanitsa popanda womuphunzitsa. Tabuleti ija inayambira pansi.

Manja anga anaima m'tsitsi. Alamu sanagwedezeke.

"Eya," anatero. "Ndikukumbukira."

Achimwene anadinanso msangamsanga. Mawu omwewo, kutsika komweko. Anadinanso. Anayamba kukupiza manja, kansalu kapakhosi kakukwera ndi kutsika, kabowo kakulira mluzu. Analemba mwaphuma, tabuleti n'kunena modekha, ndi mawu a munthu wokhuta, "Imeneyi ndi bagi." Bagi ndi dzina limene anthu a makompyuta amatchula cholakwika cha mu pulogalamu.

"Alamu, pitirizani kuluka," anatero mkazi wawo. "Dzuwa likupita."

Nditamaliza, alamu atalowa kukhitchini, ndinawakhalira achimwene pamphuno. Anandifotokozera kudzera mu tabuleti momwemo. Mabuku amene ankawerenga m'wadiropu anali a nkhani zakale zokhazokha: timapita, timalima, amabwera, zonse za makedzana. Ndiye makina anaphunzira kuti paliponse pali "ma" pamenepo, mawu azitsika ngati zinthu zinatha. Vutoli ankalidziwa kalekale. Analilemba okha pamndandanda wa zofunika kukonza, n'kuliika m'gulu la zosafulumira. Linakhalitsa mpaka karoboti ka mu kompyuta kamene kamasesa pamndandandapo kanalitseka kokha, kakuti nkhaniyi yakalamba, palibe akuifuna.

"Ndiye vuto lili pati?" ndinatero. "Lembani kuti ndimakukondabe. Nkhani yatha."

Anapukusa mutu. "Be ndi mawu a munthu wolakwiridwa amene akukhululuka. Iye sanandilakwire."

"Chabwino, onjezerani kuti mpaka pano."

"Chimenecho ndi chigamba. Vuto likhalabe kwa wina aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamuyi."

"Wina aliyenseyo ndi mkazi wanu? Inu achimwene, ndani anakulodzani? Dzukani apa, pitani kukhitchini, mukamugwire dzanja. Dzanja lilibe bagi!"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Ndinaona kuti akuopa. Munthu uyu kompyuta sankaiopa, mpeni wa dokotala sanauope, koma masitepe ochoka pasofa kukafika kukhitchini anamukulira. Analemba mawu awiri, ndipo ndinawadziwa asanadine.

"Ndikonze kaye."

Ndinatukwana, Mulungu andikhululukire, ndinatukwana munthu wodwala. Kenako ndinapita kukhitchini kukayesa mbali inayo. Ndinawauza alamu kuti asazitengere, ndi makina chabe, achimwene amatanthauza za lero.

"Ndikudziwa kuti ndi makina," anatero akupukuta mbale. "Koma makinawo anaphunzira kwa ndani? Zaka zonse zija m'madiresi mwanga, analankhula mawu ochuluka bwanji? Palibe tsiku limene anatchulako mawu amenewo mwa lero, ngakhale mongoyeserera. Makina sananame, alamu. Abweza zimene anamva."

"Ndiye mwakwiya?"

Anaganiza kaye, ngati ndawafunsa mtengo wa chinthu chimene sagulitsa. "Ayi. Ndikanakonda ndikanakwiya. Mukudziwa mwendo ukachita dzanzi? Umauona kuti ndi wako, ukautsina sumva kanthu. Ndi mmene ndililimu."

Pasanapite nthawi yaitali madokotala anati matenda abwerera, afika m'mapapo, ndipo palibenso chodula. Achimwene anasiya ntchito. Kukampani anatumiza khadi losainidwa ndi anthu ambiri, ndi funso loti pasiwedi ya makina a m'kachipinda kaja ndi chiyani. Achimwene anatsegulanso nkhani ya bagi ija pamndandanda, n'kuichotsa m'gulu la zosafulumira. Kuyambira pamenepo tsiku lawo linali limenelo: atatsamira mapilo, laputopu pamiyendo, msana utapindika monga kale.

Masiku ano kuli makina anzeru amene amathandiza kulemba mapulogalamu. Umangowauza chimene ukufuna, iwo n'kulemba. Achimwene ankawagwiritsa ntchito chifukwa zala zinali zitayamba kufooka. Ndinaonerera tsiku lina. Anawafotokozera vuto lonse, makinawo n'kuyankha mwaulemu kwambiri kuti amvetsa, akonza, ayesa, ndipo zonse zili bwino tsopano. Achimwene anadina. "Ndimakukonda," mwa kale momwemo. Makinawo poyesa ankayerekeza zilembo, ndiye poti zilembo n'zofanana, ankaona kuti palibe cholakwika. Atauzidwa, anapepesa mokoma, kupepesa koti ngakhale mwamuna wogwidwa ndi chibwenzi sangafikepo, n'kukonzanso, n'kulakwitsanso pomwepo. Ulendo wina mawu anakwera ndithu, koma anakwera ponseponse, achimwene n'kumamveka ngati munthu wa chidikwidikwi amene akufunsa funso.

Chofunika chinali chimodzi: kuti mwini mawu alowe m'wadiropu, atchule ziganizo za lero kambirimbiri, makina amve. Mwini mawuyo anali ndi bowo pakhosi.

Nzeru inachokera kwa wa kamphaka. Anati anthu ena ajambule ziganizozo, aliyense mitundu iwiri, ya lero ndi ya kale. Makina aphunzire kukwera ndi kutsika kwa mawu kuchokera kwa anthuwo, kenako aveke kayimbidwe kameneko pa mawu a achimwene. Anafunika anthu ambiri. Achimwene anandiyang'ana, ine n'kuti, "Musandiyang'ane, ndinakuuzani kale chochita." Koma mawa lake foni inali ikuzungulira mu saluni mwanga.

Kunali kuseka kumeneko! Mayi wina, theka la mutu lolukidwa theka lili nyankhalala, akukuwira foni kuti, "Ndimakukonda!" Anzake n'kumati, "Iii, imeneyo ndi ya kale, amwali, bambo akunyumba akamva alira." Wina anati ya kaleyo ndiye akuitha bwino chifukwa ndi imene amaigwiritsa ntchito. Wogulitsa mazira wodutsa pakhomo tinamukokera m'kati, nayenso anajambula, thukuta lili kamukamu. Ndimadya, ndimadya. Timapemphera, timapemphera. Ndimakudikira, ndimakudikira. Ine ndinkaseka nawo, koma ndikatseka saluni kuseka konse kunkatsala komweko.

Ndinapita nayo foniyo kwa alamu. Ndinati mwina akatchula okha mawuwo, china chake chingasungunuke. Anailandira, anawerenga chiganizo chimene chinali pagalasi, milomo inagwedezeka pang'ono. Kenako anandibwezera.

"Sizikutuluka," anatero. "Pepani."

Zojambulazo tinatumiza. Wa kamphaka anati kuphunzitsa makina kumafuna kompyuta yamphamvu, ndipo iwo amachita kubwereka ya pasukulu ina yaukachenjede ikakhala kuti eni ake sakuigwiritsa ntchito. Panali mzere. Tinadikira. Ulendo woyamba zinakanika pakati, anayambiranso. Achimwene anali akutha ngati sopo. Ankagona kwambiri, akadzuka n'kuyang'ana kamzere ka pa laputopu kosonyeza pomwe ntchito yafika, n'kugonanso. Alamu ankalowa, kuwatembenuza, kusintha kansalu, kutuluka. Nthawi zina ndinkaona dzanja la achimwene likusuntha pabulangete kulowera komwe kuli dzanja la mkazi wawo. Linkaima panjira.

Ndinawachonderera komaliza. Sindinalalate, mphamvu zolalatira zinali zitatha. Ndinati, "Achimwene, nthawi palibe. Lembani chigamba chija." Analoza kamzere ka pa laputopu. Kanali katadutsa theka.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera kale, ma minibasi akuimba mahutala panja, woyandikana nawo akuwotcherera geti. Alamu anali kubafa akutsukuluza tinsalu. Atabwerera anapeza kansalu kapakhosi kali duu. Anandiimbira foni n'kunena kuti, "Alamu, achimwene anu apita. Mubwere ndi makiyi a kuchipinda chosungira mipando ya pamaliro." Laputopu anaitseka okha n'kuiika pa shelefu, tchaja atakulunga bwinobwino pamwamba pake.

Pamaliro sanalire. Anthu anayankhula, monga mukudziwa anthu. Ena anati mkazi wouma mtima, ena anati alira pambuyo pake. Ine amene ndinkayembekeza kuti ndidzagubuduka pansi, nanenso misozi inakana. Ndinkangoona zinthu: kuti nsapato za m'busa n'zosapolisha, kuti tsitsi la mayi wina analuka molakwika kumbuyo. Titabwerako ndinatsegula saluni, ndinaluka anthu, ndinadya, ndinagona. Dzanzi la alamu lija linali litandilowa nanenso.

Patapita milungu ingapo, uthenga unalowa pafoni yanga, wochokera kwa wa kamphaka. Nambala yanga anali nayo chifukwa cha zojambula zija. Anati zatheka, ayesa ndipo zikumveka bwino, tabuleti ikangolumikizidwa pa intaneti ilandira yokha pulogalamu yatsopano. Tsopano pali kachizindikiro kosankha, lero kapena kale. Anamaliza ndi kuti, "Auzeni aKaye ayese, akhala chete masiku ano." Palibe amene anakumbuka kuwauza anthu osesa aja za imfayo. Ndinamuyankha mwachidule. Kunabwera mayankho ambiri, a njinga, a kapu ya tiyi, ena m'zilankhulo zimene sindizidziwa. Sindinawawerenge onse.

Ndinazengereza masiku angapo, kenako ndinapita. Ndinawapeza alamu kuchipinda akukonza m'wadiropu. Bulangete lija anali atalizula kuchitseko, misomali ili m'kasosala. Kampando ndi maikolofoni zinali pakhomo, zoti zipite kwa aliyense wozifuna. Pabedi panali malaya a achimwene, ndipo alamu ankawapinda limodzilimodzi, kolala kuwongola, mabatani kumanga.

"Tabuleti ija ili kuti?" ndinafunsa.

"Mu dirowa umo. Muitenge ngati mukuifuna."

Ndinaiyatsa, ndinailumikiza ku foni yanga. Inazungulirazungulira, kenako inati yalandira zatsopano. Chiganizo chija chinali pamwamba penipeni, poti n'chimene achimwene ankayesera tsiku ndi tsiku. Pambali pake panali kachizindikiro katsopano. Ndinasankha lero. Sindinawafunse alamu, chifukwa ndinadziwa kuti akana. Ndinaiika pabedi pakati pa malaya, n'kudina.

"Ndimakukonda."

Inayambira pamwamba. Mawu a achimwene anga, onenepa, okoka pang'ono kumapeto, akunena za lero lino. Penapake m'kati mwa kukwera kumeneko munali azimayi a mu saluni mwanga ndi wogulitsa mazira uja, koma sankamveka. Ankamveka iwo okha, ngati ali kuseri kwa madiresi.

Alamu anali atagwira malaya abuluu, dzanja limodzi lili pa batani. Panja minibasi inaima, inatsitsa anthu, inanyamuka.

"Yalakwitsanso," anatero.

"Alamu?"

"Nthawi ija munthu ali moyo, inkati zinatha. Lero munthu tinamuika m'manda, ikuti zilipo." Anamanga batani lija, anawongola kolala. "Yoona tsopano ndi yakale ija. Auzeni anzawowo kuti makina awo sakudziwabe nthawi."

Ndinachita manyazi. Ndinadziona kupusa, mayi wamkulu kubwera ndi chidole m'nyumba ya namfedwa. Ndinati pepani, ndinatambasula dzanja kuti ndiizimitse ndichoke nayo.

Anandigwira pamkono. Anagwira mwamphamvu, zikhadabo mpaka kulowa. Sanandiyang'ane. Maso anali pa tabuleti, pa kachizindikiro kaja.

"Isiyeni kaye," anatero.